Momwe mungayendetsere ntchito yopereka katemera pa nthawi ya mliri

Pa 24 Febuluwale 2021 ndege inatera mumzinda wa Accra ku Ghana itanyamula madozi 600,000 a katemera wa Covid-19. Aka kanali koyamba kuti ndondomeko ya COVAX yogawira mayiko katemera, imene inkayendetsedwa ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi mabungwe a Gavi, CEPI ndi UNICEF, itumize katemera kudziko lina kupatula India. Pasanathe miyezi itatu, dziko la Democratic Republic of Congo linabweza madozi pafupifupi 1.3 miliyoni kuti akaperekedwe kumayiko ena, litaona kuti silimaliza kubaya anthu tsiku lothera mphamvu lisanakwane. Mu Disembala chaka chomwecho, Nigeria inawononga madozi opitirira 1 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo anali atalowa m'dzikomo kutangotsala masabata ochepa kuti athe mphamvu.

Katemera akangotsitsidwa m'ndege, masiku ake amayamba kutha. Choncho ntchito yambiri imene ndikufotokoza panoyi iyenera kuchitika katemerayo asanafike. Malangizowa ndalembera inu amene mwapatsidwa udindo woyendetsa ntchitoyi m'dera lanu, kaya ndinu mkulu wa zaumoyo, namwino, woyang'anira mankhwala kapena mtsogoleri wa gulu la anthu ongodzipereka.

Mtsogoleri akhale mmodzi

Mapanga awiri avumbwitsa. Pa nthawi ya mliri mabungwe amachuluka, aliyense ndi ndalama zake, mafomu ake ndi masiku ake. Asonkhanitseni onse m'komiti imodzi yokhala ndi wapampando wodziwika, yemwe mawu ake ndi omaliza. Pansi pake pakhale woyang'anira katundu ndi mafiriji, woyang'anira mauthenga, woyang'anira ziwerengero, ndi dokotala woona za mavuto obwera munthu akabayidwa. Komitiyi izikumana tsiku lililonse ntchito ikayamba, ndipo misonkhano yake izikhala yaifupi.

Werengani anthu, mudziwe kumene ali

Apa ndi pamene ntchito zambiri za katemera zimaferatu zisanayambe. Chiwerengero chimene chimachokera kulikulu kawirikawiri chimakhala cha kalembera wakale, chongowonjezeredwa ndi masamu. Pofika lero anthu anasamuka, malo ena anadzaza, ena anatsala mabwinja. Mukadalira chiwerengero chimenecho, chipatala china chidzasowa katemera tsiku lachiwiri pamene china chidzatsala ndi mabotolo osatsegula.

Pemphani chipatala chilichonse chaching'ono chijambule mapu a dera lake, ngakhale ndi cholembera papepala. Pamapupo paoneke malo onse okhala anthu, misewu, mitsinje imene imadzaza, ndi nthawi imene munthu amatenga kuyenda kuchokera kuchipatala kukafika kumalo aliwonse. Nthawiyo ndi yofunika kuposa makilomita. Alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a m'deralo ndi amene angakuuzeni kuti okalamba ndi angati, osayenda ndi angati, ndiponso amene amachoka m'bandakucha kukagwira ntchito n'kubwerako usiku ali kuti. Funsani mwadala za anthu amene sapezeka m'kaundula aliyense: othawa kwawo, akaidi, ogona m'misewu, ogwira ntchito m'migodi ndi m'minda ikuluikulu, ndi anthu okhala m'malire amene chipatala chilichonse chimaganiza kuti ndi a chipatala chinzake.

Mukapeza chiwerengero, chitani masamu. Tinene kuti mukufuna kubaya anthu 40,000 m'masiku 10, ndipo mutayeserera mwaona kuti gulu limodzi limabaya anthu 200 pa tsiku. Ndiye kuti mukufunika magulu 20. Madozi musaitanitse 40,000 ndendende, chifukwa ena amatayika ndithu: botolo limasweka, lina limatsala ndi madozi awiri madzulo anthu atatha. Ngati mukuyembekezera kuti 10 pa 100 aliwonse atayika, chulukitsani ndi 1.11, mupeza madozi 44,400. Majakisoni, thonje, makadi ndi mabokosi otayamo singano muwerengere pa chiwerengero chomwecho, ndipo zonsezi zizinyamulidwa pamodzi ndi katemera, m'galimoto imodzi. Bokosi la malita 5 limalowa majakisoni pafupifupi 100. Gulu lokhala ndi katemera koma lopanda majakisoni limangokhala pansi tsiku lonse.

Kuyeserera ndatchulako musakudumphe. Sankhani malo amodzi kapena awiri, muchite zonse ngati tsiku lenileni lafika, wina agwire wotchi. Mudzaona nokha kuti mzere umaima pa tebulo lolembera mayina. Wobaya amamaliza msanga, wolemba ndi amene amachedwa, ndipo nthawi zambiri pamafunika olemba awiri kwa wobaya mmodzi.

Ndani ayambe kulandira?

Kumayambiriro kwa mliri katemera sakwanira aliyense. Pa Covid-19, akatswiri olangiza WHO anaika patsogolo ogwira ntchito zachipatala, okalamba, ndi anthu odwala matenda okhalitsa monga shuga ndi matenda a mtima, chifukwa iwo ndi amene ankamwalira kwambiri, ndipo chipatala chopanda anamwino sichingathandize aliyense. Mliri wina udzakhala ndi mndandanda wina, malinga ndi amene matendawo akuwapha komanso mmene akufalira. Pa Ebola, kuyambira pa kafukufuku wa ku Guinea mu 2015, ankabaya anthu amene anakhudzana ndi wodwala komanso amene anakhudzana ndi anthu amenewo. Njira yozungulira wodwalayi ndi imene inathandiza kuthetsa nthomba, imene WHO inalengeza mu 1980 kuti yatheratu padziko lonse.

Mndandanda ukakhazikitsidwa, uulutseni poyera pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo inuyo muutsatire. Anthu akangoona kuti olemera ndi achibale a akuluakulu akulowera kukhomo lakumbuyo, sadzakhulupiriranso china chilichonse chimene mungawauze. Komabe musaumirire mndandanda mpaka katemera kuonongeka. Ngati gulu loyamba silikubwera mokwanira ndipo tsiku lothera mphamvu layandikira, tsegulirani gulu lotsatira msanga.

Katemera akachepa kwambiri, akatswiri a dziko kapena a WHO amatha kusintha kaperekedwe. Mu 2016 ku Kinshasa anthu mamiliyoni analandira gawo limodzi la magawo asanu a dozi ya katemera wa yellow fever. Kumapeto kwa 2020 dziko la Britain linatalikitsa nthawi ya pakati pa dozi yoyamba ndi yachiwiri ya Covid-19 kufika masabata 12 kuti ambiri alandireko yoyamba. Mu Okutobala 2022 katemera wa kolera anayamba kuperekedwa dozi imodzi m'malo mwa awiri pa nthawi ya miliri. Zosankha zotere zimachokera kumwamba, pambuyo pounika umboni. Wogwira ntchito pamalo obayira asachepetse dozi payekha ngakhale mzere utatalika bwanji.

Kuzizira kusaduke

Katemera wambiri amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Ena amafuna kuzizira koopsa: wa Pfizer poyamba ankasungidwa pa madigiri pafupifupi 70 pansi pa ziro, ndipo akasungunuka ankaloledwa kukhala m'firiji wamba masiku 5 okha, mpaka mu Meyi 2021 pamene nthawiyo inawonjezeredwa kufika mwezi umodzi. Dziwani msanga mtundu umene ukubwera, ndipo werengani pepala la malangizo ake enieni, chifukwa mitundu imasiyana.

Katemera asanafike, yenderani firiji iliyonse. Lembani imene ikugwira ntchito, malo amene atsala m'kati mwake (kumbukirani kuti katemera wa ana ali momwemo kale), ndi chimene chidzachitike magetsi akazima usiku. Pachitseko cha firiji pamatidwe pepala lonena amene ayimbiridwe foni, kumene katemera asamutsidwire, ndi amene ali ndi kiyi. Kutentha kuzilembedwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ngakhale Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi.

Ambiri amaopa kutentha, n'kuiwala kuti kuuma ndi chisanu kumaononganso katemera wina, ndipo kumaononga mwakachetechete. Botolo likauma n'kusungunukanso limaoneka labwinobwino. Izi zimachitika kawirikawiri m'mabokosi onyamulira, pamene botolo lagundana ndi paketi ya ayisi yongotuluka kumene m'firiza. Paketiyo muziiyamba mwaiika patebulo mpaka ayisi atayamba kusungunuka, moti mukaigwedeza muzimva madzi akukhuthuka m'kati. Pamenepo ndi pamene ingalowe m'bokosi. Mabotolo ena amakhala ndi kachizindikiro ka kutentha, kabokosi koyera m'kati mwa kabwalo kodera. Kabokosiko kakada kufanana ndi kabwaloko kapena kupitirira, botololo lisagwiritsidwe ntchito. Mitundu yambiri ya katemera wa Covid-19 inatuluka yopanda kachizindikiroka, choncho kulemba kutentha kunali umboni wokhawo woti katemera akadali wamphamvu.

Potulutsa katemera m'nkhokwe, yambani ndi amene akutha mphamvu msanga, ngakhale atakhala kuti wafika dzulo. Ndipo botolo la madozi ambiri likatsegulidwa, lembanipo nthawi. Mitundu yambiri imayenera kutayidwa pakatha maola 6 kapena ntchito ya tsikulo ikatha. Lamuloli limachititsa obaya ena kuopa kutsegula botolo la madozi 10 pamene pabwera anthu atatu okha, n'kuwauza kuti abwere mawa. Auzeni momveka kuti atsegule. Agogo amene ayenda mtunda wautali n'kubwezedwa sabweranso, ndipo madozi otsalawo munawawerengera kale m'masamu anu aja. Chofunika n'chakuti gulu lililonse likhale ndi manambala a anthu apafupi amene angaitanidwe madzulo kudzamaliza botolo.

Lankhulani ndi anthu mphekesera isanawafike

Mu 2003 madera ena a kumpoto kwa Nigeria anaimitsa katemera wa poliyo kutafala mphekesera yoti muli mankhwala oletsa kubereka. Ku Kano, limodzi mwa maderawo, ntchitoyo inaima pafupifupi chaka, mpaka mu Julayi 2004. Pa nthawiyo poliyo inabwerera kumayiko ambiri amene anali ataithetsa kale, ndipo pofika 2005 inali itafika ku Yemen ndi ku Indonesia. Ntchito inayambiranso katemerayo atayezedwa, atsogoleri achipembedzo atalowetsedwa m'zokambirana, komanso atagulidwa katemera wopangidwa ku Indonesia, dziko limene anthuwo ankalikhulupirira.

Nkhaniyi ikusonyeza kuti munthu akamakana katemera amakhala akufunsa kuti wabwera nayeyo ndi ndani ndipo akufuna chiyani. Choncho masabata angapo ntchito isanayambe, khalani pansi ndi atsogoleri a zipembedzo, atsogoleri a m'madera, aphunzitsi, magulu a amayi, achinyamata ndi atolankhani. Mvetserani kaye. Lembani mafunso amene akufunsa, m'mawu awo omwe, ndipo mayankho ake ndi amene akhale uthenga wanu wa pawailesi ndi pa WhatsApp. Kodi woyembekezera angabayidwe? Nanga amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku? N'chifukwa chiyani katemerayu wapangidwa msanga chonchi? Awa ndi mafunso a anthu oganiza bwino, ndipo kuwayankha mwachipongwe kumawakankhira kwa ofalitsa mabodza.

Yambani ndi ogwira ntchito zachipatala eniake. Namwino amene akukayika sanena pamsonkhano, koma wodwala akamufunsa kuti "Inuyo munabayitsa?", kungokhala chete kwakeko kumakwanira kubweza banja lonse. Apatseni mpata wofunsa dokotala momasuka popanda kuopa kudzudzulidwa.

Nenani zoona zokhazokha, ngakhale zosakoma. Uzani anthu kuti mkono ungapweteke, thupi lingatenthe kapena kuphwanya kwa tsiku limodzi kapena awiri. Musalonjeze kuti wobayidwa sangadwale konse ngati chimene katemerayo amachita kwenikweni ndi kuteteza kudwala kwambiri ndi imfa. Munthu amene munamunamiza akadzadwala adzauza mudzi wonse. Uthenga uliwonse uzitha ndi zinthu zogwirika: malo, tsiku, nthawi, amene akuyenera kubwera, ndiponso ngati pali kulipira kapena ayi. Anthu ambiri amene amawerengedwa ngati okana amakhala kuti sanadziwe kopita, kapena nthawi yobayira inali yomwe iwo ali kuntchito.

Phunzitsani ndi manja

Mu Julayi 2018 ku Samoa ana awiri anamwalira patangopita mphindi zochepa atabayidwa katemera wa chikuku. Kafukufuku anapeza kuti katemerayo analibe vuto. Anasungunulidwa ndi mankhwala ofooketsa minofu m'malo mwa madzi ake oyenera. Makolo anachita mantha, chiwerengero cha ana obayidwa chinatsika kwambiri, ndipo chikuku chitabuka mu 2019 chinapha anthu 83, ambiri mwa iwo ana aang'ono. Boma linafika potseka maofesi kwa masiku awiri mu Disembala, mabanja osabayidwa akupachika nsalu yofiira pakhomo kuti magulu obaya awapeze.

Chifukwa cha zinthu ngati zimenezi, maphunziro a obaya asakhale ongomvetsera. Aliyense agwire botolo, asungunule ngati mtunduwo umasungunulidwa, akoke mlingo woyenera, asonyeze pobaya, ataye jakisoni m'bokosi osavundikiranso singano, mphunzitsi akuona. Madzi osungunulira akhale okhawo amene anabwera ndi katemerayo, ndipo m'bokosi kapena m'firiji ya katemera musalowe mankhwala ena alionse. Ngati pali mitundu iwiri ya katemera, ndi bwino tebulo lililonse likhale ndi mtundu umodzi.

Nkhani ya malipiro ndi yosavuta kuinena koma imagwetsa ntchito. Ogwira ntchito adziwiretu zimene alandire ndi tsiku lake, ndipo tsikulo likwaniritsidwe. Gulu limene silinalipidwe pa ulendo woyamba simudzaliona pa wachiwiri.

Malo obayira asasanduke malo otengera matenda

Mukusonkhanitsa anthu pa nthawi imene matenda akufala, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba ndi odwaladwala. Ngati matendawo amafala kudzera mumpweya, sankhani malo apanja pamthunzi kapena holo ya mawindo otsegula. Polowera ndi potulukira pakhale posiyana, anthu aziyenda njira imodzi: kusamba m'manja, kufunsidwa za thanzi lawo, kulembedwa, kubayidwa, kudikira, kutuluka. Amene ali ndi zizindikiro za matendawo apatulidwe pakhomo pomwepo, atumizidwe kokayezedwa, ndipo auzidwe tsiku lobweranso. Gawirani madera masiku kapena maola awo kuti anthu asafike onse m'mawa. Mipando ikhalepo ya okalamba, oyembekezera ndi olumala, ndipo iwo azilowa poyamba.

Chipatala chokha sichingafikire aliyense. Phatikizani malo okhazikika, malo osakhalitsa kumene anthu amapezeka kale monga misika, masiteshoni, nyumba zopemphereramo ndi malo antchito, komanso magulu oyenda khomo ndi khomo kwa amene sangathe kuyenda. Tsegulaninso madzulo ndi kumapeto kwa sabata.

Munthu akadwala atabayidwa

Aliyense adikire mphindi 15 akabayidwa, ndipo amene thupi lake linadanapo kwambiri ndi mankhwala kapena chakudya adikire mphindi 30. Vuto loopsa limene mukudikirira ndi loti thupi lidane ndi katemera mwadzidzidzi: kutupa nkhope kapena kukhosi, kubanika, zidzolo thupi lonse, kufooka. Limachitika mwa apo ndi apo kwambiri, koma limafuna jakisoni wa adrenaline pantchafu nthawi yomweyo. Gulu lisanyamuke m'mawa lopanda adrenaline wosatha mphamvu, munthu wodziwa kumubaya, ndi njira yothamangitsira wodwala kuchipatala. Obaya adziwenso kusiyanitsa vutoli ndi kukomoka kwa mantha, kumene kumachitika kawirikawiri, makamaka kwa achinyamata, ndipo kumatha munthu akagonekedwa miyendo itakwezedwa.

Palinso china chimene muyenera kukonzekera mumtima. Mukabaya okalamba masauzande ambiri m'sabata imodzi, ena mwa iwo adzadwala sitiroko kapena kumwalira sabata yotsatira, monga mmene zikanachitikira ngakhale popanda katemera. Achibale sadzaona choncho, ndipo simungawadzudzule. Pitani kwa banjalo tsiku lomwelo. Lembani zonse, sungani nambala ya gulu la mabotolo limene munthuyo anabayidwa, perekani nkhaniyo kwa akatswiri ofufuza, ndipo wolankhulira mmodzi auze anthu zimene zikudziwika ndi tsiku limene adzamve zotsatira. Musafulumire kukana, chifukwa nthawi zina vuto limakhala lenileni. Mu Epulo 2021 bungwe loona za mankhwala ku Europe linatsimikiza kuti katemera wa AstraZeneca akhoza kuyambitsa kuundana kwa magazi kwa anthu ochepa zedi, ngakhale ubwino wake unali woposa chiopsezocho, ndipo mayiko angapo anasintha zaka za oyenera kumulandira. Vutolo linadziwika chifukwa madokotala ankalemba ndi kutumiza malipoti.

Madzulo alionse, onani manambala

Gulu lililonse litumize zinthu zinayi: anthu amene labaya, mabotolo amene latsegula, mabotolo amene atsala, ndi mavuto amene lakumana nawo. Yerekezani ndi chiwerengero chimene munaika pa malo aliwonse. Musakhutire ndi chiwerengero cha dera lonse, chifukwa malo a m'tauni amene apitirira muyezo amabisa malo akutali amene gulu silinafikeko n'komwe. Kumene anthu sakubwera, tumizani munthu akafunse chifukwa chake m'mawa mwake. Kumene mabotolo aunjikana, asamutseni apite kumene kuli mzere. Ngati mukulemba pa foni kapena pa kompyuta, mafomu apepala akhaleponso, chifukwa intaneti imaduka.

Ngati katemerayo ndi wa madozi awiri, ntchito ya dozi yachiwiri imayamba tsiku la dozi yoyamba. Wobaya alembe tsiku lobwerera pakadi, alinenenso pakamwa, ndipo nambala ya foni kapena malo okhala munthuyo zilembedwe kuti adzakumbutsidwe. Inuyo muonetsetse kuti madozi achiwiriwo adzakhalapo pa tsikulo. Masiku amene munaika akatha, oyang'anira alowe m'nyumba zingapo m'malo amene mukuwakayikira, afunse amene sanabayidwe ndi chifukwa chake, kenaka magulu abwererenso kumeneko.

Katemera wa ana asaime

WHO italengeza pa 11 Malichi 2020 kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, anamwino, magalimoto ndi mafiriji zinatembenukira ku matenda amodziwo, ndipo makolo ambiri anaopa kupita kuchipatala. Mu 2021 ana pafupifupi 25 miliyoni sanalandire kapena sanamalize katemera woyambirira wa diphtheria, kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, malinga ndi WHO ndi UNICEF, ndipo chikuku chinabukanso m'mayiko ambiri. Pokonza ndondomeko yanu, siyani anamwino ena ndi malo ena m'firiji kuti sikelo ya ana ipitirire pa masiku ake. Kumene malamulo akulola, gulu lopita kutali linyamulenso katemera wa ana, ndipo mayi akabwera kudzabayidwa ali ndi mwana kumsana, wolemba apemphe kuona kadi ya mwanayo.

Mliri ukayamba kuchepa, mapu aja, mayina a ongodzipereka, kaundula wa okalamba ndi odwala matenda okhalitsa, ndi mndandanda wa mafiriji ofunika kukonza muzipereke kwa oyendetsa katemera wa nthawi zonse, ndipo musankhe munthu woti aziunikanso mapepalawo chaka ndi chaka.